Tiphunzitse ana athu kulankhula ndi manja

(Awa ndi mau amene mayi wina wa m'kalabu yathu, mphunzitsi wa ku escolinha, analankhula pa msonkhano wa makalabu a omvera wailesi m'boma la Angónia. Tawalemba monga momwe anawalankhulira kuti makalabu amene sanafike awerenge ndi kukambirana.)

 Ndikuona ena mwachokera kutali ndithu, njinga zadzaza pansi pa mtengo apo. Ine ndimaphunzitsa ana ang'onoang'ono ku escolinha, ndine mayi, ndipo tsopano ndine gogo. Nkhani imene andipatsa ndi yophunzitsa makanda ndi ana aang'ono kulankhula ndi manja. Ndikudziwa kuti ena mwaseka kale chamumtima, kuti kodi khanda loti likuyamwa ungaliphunzitse chiyani? Dikirani pang'ono. Ndiyambe ndi za pakhomo pathu, kuti mudziwe chifukwa chake nkhaniyi ine sindiitenga mwamasewera.

Za mlongo wanga

Ndili ndi mlongo wanga wobadwa mu 1985, ndinamubereka ndekha kumbuyo kuno. Nkhondo itavuta tinathawira ku Malawi, mbali ya Dedza, monga ambiri a inu. Kumeneko mu 1987 anadwala matenda oumitsa khosi, thupi lili moto, kukomoka kosalekeza. Anachira, tinathokoza Mulungu. Koma patapita miyezi tinaona kuti ukamuitana satembenuka. Timau tochepa timene anali atayamba, “amama”, “madzi”, tinayamba kuzilala mpaka tinatheratu. Amayi anayenda naye kwa asing'anga, anamutema mphini, nkhuku zinatha pakhomo. Koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatiuza kuti mwanayu maso ali nawo, manja ali nawo, lankhulani naye ndi zimenezo.

Tizizindikiro tathu ta pakhomo tinalipo, inde. Kudya, madzi, bwera, choka, ng'ombe. Tonse pamodzi sitinkakwana 20. Koma zoti dzulo, zoti mawa, zoti chifukwa chiyani, zimenezo tinalibe pozinenera.

Titabwerera kuno mu 1994, abambo ankapitabe ku Malawi kukagwira ntchito m'minda ya fodya. Mu 1996 anamwalira komweko, ndipo anaikidwa komweko chifukwa ndalama yonyamulira maliro panalibe. Uthenga unafika, tinalira, anthu anasonkhana, kenako anabalalika. Mlongo wanga anali ndi zaka 11. Misozi anaiona, koma bokosi sanalione. Tinamulozera kumwamba, tinamulozera pansi, iye n'kumangotiyang'ana. Kuyambira pamenepo madzulo alionse ankapita kukakhala pamphambano pomwe abambo ankatsikira galimoto. Ife tinkangoti mwanayu amakonda kuonerera magalimoto.

Atakwanitsa zaka 20 anapita ku Tete kwa amalume, ndipo kumeneko anakumana ndi anzake osamva amene anamuphunzitsa chinenero chamanja chenicheni. Ine ndinaphunzira kwa iye pang'onopang'ono. Tsiku lina akukonza njinga pakhonde, anaika sipanala pansi n'kundiuza ndi manja kuti pamphambano paja ankadikira abambo. Anati ankaganiza kuti abambo anathawa pakhomo chifukwa cha iye, poti anali mwana wosamva.

Amayi anzanga, zaka pafupifupi 10 mwana anasenza katundu ameneyo yekha, ife tikudya naye mbale imodzi. Sikuti sitinkamukonda ayi. Tinalibe mau omuuzira. Ndicho chifukwa chake ndaima pano lero.

Manja amatsogola, pakamwa pamatsatira

Ndiyambe ndi ana onse, akumva ndi osamva omwe. Inu nonse mwaonapo khanda la miyezi 8 kapena 9 likukweza manja kuti mulinyamule. Mwaonapo likuloza mbale ya phala, likupukusa mutu kukana mankhwala, likubaibitsa mlendo kuti tchau. Ndipo ndife tomwe timaphunzitsa mwana kuomba m'manja akalandira chinthu, ndi kulandira ndi manja awiri, asanathe n'komwe kutchula zikomo. Ndiye musati nkhaniyi ndi yachizungu. Tinaiyamba kalekale, kungoti timalekera panjira.

Chimachitika n'chakuti mwana amayamba kumvetsa zinthu asanayambe kuzitchula. Pa miyezi 9 amadziwa dzina lake, amadziwa bere, amadziwa agogo. Koma kuti mau atuluke, pamafunika lilime, milomo, kholingo ndi mpweya zigwirizane, ndipo ntchito imeneyo ndi yovuta. Ana ambiri mau oyamba amawatulutsa akamakwanitsa chaka, ndipo kulumikiza mau awiri kumabwera chakumapeto kwa chaka chachiwiri. Manja ndiye savuta chotero. Mwana amawaona manja ake, amaona anu, ndipo mutha kumugwira n'kumuthandiza. Choncho pali miyezi ingapo imene mwana amadziwa chimene akufuna koma alibe ponenera. Ndi nthawi ija amalira mpaka kuuma, inu kumupatsa bere akukana, kumupatsa chidole akutaya, pomwe iye amangofuna madzi.

Mu 1991 ofufuza awiri a ku Canada, Laura Petitto ndi Paula Marentette, anafalitsa zimene anaona pa makanda osamva obadwa kwa makolo osamva. Mukudziwa mmene khanda limachitira “bababa”, “mamama” lisanayambe kulankhula. Iwo anapeza kuti makanda aja amachita zomwezo ndi manja, kubwereza-bwereza timayendedwe ta zala, pa msinkhu womwewo umene anzawo akumva amachita ndi pakamwa. Kutanthauza kuti ubongo wa mwana umafuna chinenero basi. Kaya chilowera m'khutu, kaya chilowera m'maso, umachilandira.

Zimene ofufuza anapeza pa ana akumva

Zophunzitsa dala makanda akumva zinatchuka ku America. Mu 1982 mayi wina wophunzitsa pa yunivesite ku California, Linda Acredolo, anaona mwana wake wa chaka chimodzi akununkhiza ndi mphuno nthawi zonse akaona duwa, ngakhale duwa la pachithunzi. Anazindikira kuti mwanayo wadzipangira yekha dzina la duwa. Iye ndi mnzake Susan Goodwyn anafufuza zimenezi zaka zambiri, ndipo mu 1996 anatulutsa buku lotchedwa Baby Signs. Bambo wina womasulira chinenero chamanja, Joseph Garcia, nayenso analimbikitsa makolo akumva kutenga zizindikiro kuchokera ku chinenero cha anthu osamva a ku America.

Mu 2000 amayi awiri aja anafalitsa kafukufuku wa makanda 103, ndipo anati amene anaphunzitsidwa zizindikiro anatsogolako pang'ono polankhula. Nkhani inafala, anthu anayamba kugulitsa mabuku ndi mavidiyo, ena kumalonjeza kuti mwana wanu adzakhala wanzeru kuposa anzake. Koma ofufuza ena atabwereza sanapeze zonsezo. Mu 2013 ku England, Elizabeth Kirk ndi anzake anatsatira makanda 40 kuyambira miyezi 8 mpaka miyezi 20. Anapeza kuti ana ophunzitsidwa manja sanalankhule msanga kuposa anzawo, komanso sanachedwe. Chimene chinasintha ndi amayi awo: anayamba kumuyang'anitsitsa mwana ndi kuzindikira msanga chimene akufuna.

Ndiye ine sindikulonjezani kuti mwana wanu adzakhala dokotala chifukwa cha manja. Chimene ndikulonjeza ndi chaching'ono koma chenicheni: mudzamvana naye msanga, ndipo kulira kopanda mutu kudzachepako. Palibenso chogula, manja muli nawo kale.

Funso limene amandifunsa kawirikawiri, makamaka agogo anzanga, ndi lakuti mwana akazolowera manja sachita ulesi kulankhula? Ayi. Taonani ana athu kuno: pakhomo Chinyanja, kusukulu Chipwitikizi, akapita ku Tete atolakonso Chinyungwe. Chinenero china sichitseka chinzake. Ndipo mwana wakumva akangotha kutchula “madzi”, chizindikiro chija amachisiya yekha, poti waona kuti mau amafika ngakhale amayi ali kuseri kwa nyumba.

Tingaphunzitse bwanji?

Yambani mwana akayamba kukhala yekha pansi ndi kutsata zinthu ndi maso, apo ndi pa miyezi 6 mpaka 8. Ngati wanu wapitirira pamenepo, yambani lero lomwe.

Sankhani mau ochepa, atatu kapena asanu, a zinthu zimene mwanayo amazifunadi tsiku ndi tsiku. Ine ndimayamba ndi kuyamwa, kudya, madzi, zatha ndi kugona. Kudya, sonkhanitsani zala ngati mwatenga mbamu ya nsima n'kupititsa kukamwa. Madzi, dzanja ngati lagwira kapu. Kugona, tsaya pa chikhatho. Zatha, tembenuzani zikhatho zopanda kanthu monga timachitira kale. Kuyamwa, ena amafumbata ndi kufumbatula dzanja ngati akukama ng'ombe.

Nthawi zonse chitani chizindikiro ndi kutchula mau pamodzi, ndiponso pa nthawi yeniyeni ya chinthucho. Kapu ili m'manja, mwana akuiona, inu mukuti “madzi, ukufuna madzi?” dzanja likuchita, kenako mumupatse amwe. Osachita ngati kalasi ayi, kumukhazika mwana n'kumamuonetsa zizindikiro khumi motsatizana. Atopa, inunso mutopa.

Pano pali vuto lathu lathu. Mwana wa kuno amaswera kumbuyo. Kumunda ali kumbuyo, kuchitsime ali kumbuyo, kuchigayo ali kumbuyo. Kumbuyo n'kwabwino, amamva kutentha kwa mayi ndipo wakumva amamvanso mau. Koma nkhope yanu ndi manja anu saziona. Choncho gwiritsani ntchito nthawi zimene mwayang'anizana: pomuyamwitsa, pomusambitsa, pomudyetsa phala, pomudzoza mafuta. Nthawi zinayi zimenezo pa tsiku n'zokwanira.

Onse a pakhomo achite chizindikiro chimodzimodzi. Ngati mayi akuchita china, mlezi china, agogo china, mwana asokonezeka. Ana okulirapo aja a zaka 6, 7, ndiwo aphunzitsi abwino kwambiri, poti kwa iwo ndi masewera.

Musayembekezere kuti achita ndendende. Monga amati “maji” m'malo mwa “madzi” ndipo timamumva, momwemonso dzanja lake lidzakhota. Mukaona kuti akuyesa, muyankheni msanga, mumupatse chimene wapempha, musekerere naye. Apo ndi pamene amadziwa kuti dzanja lake lili ndi mphamvu. Koma musamumane chakudya kuti mpaka achite chizindikiro. Zimenezo ndi nkhanza. Ena amayankha pakapita masabata ochepa, ena miyezi iwiri kapena itatu. Musamuyerekeze ndi wa aneba.

Akadziwa zoyambazo, onjezani chizindikiro cha kupweteka ndi cha kutentha. Cha kutentha chimamuteteza ku mafuwa ndi mphika. Cha kupweteka, sankhani chimodzi, muchichite pamalo popwetekapo nkhope mutakwinya, akagwa kapena inu mukadzipweteka. Mdzukulu wanga ali ndi miyezi 14 analira usiku wonse, thupi silinatenthe kwenikweni. Kutacha anachita chizindikiro chija pafupi ndi khutu lake. Mayi ake anathamanga naye ku chipatala, anakapeza kuti m'khutu mwatupa, anamupatsa mankhwala mafinya asanayambe kutuluka. Akanakhala wopanda chizindikiro tikanati ndi mano akumera.

Kwa mwana wosamva nkhani ndi ina

Tsopano tcherani khutu, apa ndiye pagona nkhani. Kwa mwana wakumva, manja ndi thandizo la miyezi yochepa. Ngakhale musamuphunzitse adzalankhulabe. Koma kwa mwana wosamva, manja ndiye chinenero chake chonse, choganizira, chofunsira, chophunzirira, chopempherera. Zizindikiro zisanu sizimukwanira, monganso inu simungalere mwana wakumva ndi mau asanu.

Mwa ana 100 osamva, oposa 90 amabadwa kwa makolo akumva, amene sanaganizepo za chinenero chamanja. Ndiye ambiri amakhala ngati mlongo wanga. Koma zaka zoyambirira, makamaka zitatu mpaka zisanu, ndi pamene ubongo umagwira chinenero mosavuta. Ofufuza anaona kuti munthu wosamva amene wapeza chinenero chake choyamba atakula amaphunzira ndithu, koma safika pa mnzake amene anayamba ali khanda, ndipo kuwerenga kumamuvuta kwambiri. Mlongo wanga ndi katswiri pa njinga, koma kalata sangawerenge, ndipo nkhani ikatalika imamusokoneza. Nzeru anabadwa nazo. Tinamuchedwetsa ndife. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Ndiye mudziwe msanga. Khanda la miyezi itatu lidzidzimuke chitseko chikamenyetseka. La miyezi 6 litembenukire kumene kukuchokera mau. La miyezi 9 kapena 10 likhale likuchita “bababa”. La chaka litembenuke mukalitchula dzina muli kumbuyo kwake. Musanyengeke poti mwana amalira ndi kuseka mokweza, wosamva nayenso amatero. Musanyengekenso ndi kuyesa kwa pakhomo komenya chidebe, chifukwa mwana wosamva ndi wochenjera ndi maso: amaona mthunzi wanu, amamva kunjenjemera kwa pansi, n'kutembenuka, inu n'kuti akumva. Mukakayika, nenani kusikelo, ndipo pemphani kuti akutumizeni kumene angamuyeze makutu. Chimodzimodzi mwana amene wachira ku matenda oumitsa khosi, malungo aakulu okomola, chikuku kapena matsagwidi, ndi amene anabadwa ndi chikasu chachikulu kapena osakwana masiku, muzimuyang'anitsitsa.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse, lija timati OMS, limati ana pafupifupi 34 miliyoni padziko ali ndi vuto lalikulu la kumva, ndipo mwa ana 10 otere, 6 vuto lawo likanapewedwa. Kupewa kwake ndi zinthu zimene timazimva pa wailesi tsiku ndi tsiku: kupita kusikelo ya amayi oyembekezera, kuchilira ku chipatala, kumaliza katemera yense wa pa khadi kuphatikizapo wa chikuku wa pa miyezi 9 ndi 18, kugona m'masikito, ndi kuthamangira ku chipatala khutu likayamba kutuluka mafinya. Osathiramo mafuta, madzi a masamba kapena kutokosa ndi nthenga.

Ndipo mukapeza kuti mwana samva, musadikire makina a m'khutu kuti muyambe kulankhula naye. Makina akapezeka ndi bwino, amathandiza ena. Koma manja ndi makina sizilimbana. Yambani ndi manja tsiku lomwelo.

Chinenero chamanja ndi chinenero chenicheni

Apa tisiyanitse. Zizindikiro za pakhomo zimene ndatchula zija ndi poyambira chabe. Anthu osamva a dziko lino ali ndi chinenero chawo, Língua de Sinais de Moçambique, chokhala ndi malamulo ake, chimene munthu atha kukambira nacho mlandu, kuphunzitsira masamu, ngakhale kunena nthabwala. Ndi chija mumaona munthu akumasulira pakona pa kanema nthawi ya nkhani. Malamulo aakulu a dziko lathu a mu 2004, pa ndime 125, amati boma lilimbikitse kuti chinenerochi chiphunziridwe ndi kukula. Mu 2013 yunivesite ya Eduardo Mondlane inatulutsa dikishonale yake. Anthu osamva alinso ndi bungwe lawo, ASUMO. Choncho kholo likapempha kuti mwana wake aphunzire ndi manja, silikupempha chifundo ayi, lamulo lili kumbali yake.

Chinenero chamanja si chimodzi padziko lonse. Ife ndi abale athu a ku Dedza ndi Ntcheu timamvana bwinobwino pakamwa, koma chinenero chamanja cha ku Malawi, chimene ana amagwiritsa ntchito ku sukulu ya osamva ya ku Mua, n'chosiyana ndi cha kuno. Cha ku Portugal ndi cha ku Brazil nazonso n'zosiyana, ngakhale onse amalankhula Chipwitikizi. Ndiye inu achinyamata amene mumatsitsa mavidiyo pa foni, onetsetsani kuti ndi a ku Mozambique, chifukwa ambiri amene amabwera msanga ndi a ku Brazil.

Maganizo akuti manja amaononga mwana si a kumudzi kokha. Mu 1880 aphunzitsi a ana osamva anasonkhana ku Milan, ku Italy, n'kugwirizana kuti m'sukulu ana aziphunzira ndi pakamwa pokha. Kwa zaka zambiri ana m'maiko ambiri ankalangidwa akagwiritsa ntchito manja. Mu 1960 William Stokoe wa ku America anaonetsa kuti chinenero chamanja chili ndi malamulo monga chinenero china chilichonse, ndipo mu 2010 msonkhano wa aphunzitsi womwewo, utakumana ku Vancouver, unakana poyera chigamulo cha ku Milan chija. Ophunzira analakwitsa zaka 130. Ife tisabwereze.

Imvaninso za ku Nicaragua. Mu 1977 mu mzinda wa Managua anatsegula sukulu ya ana osamva. Ana anabwera aliyense ndi tizizindikiro ta kwawo, monga ta mlongo wanga. Aphunzitsi ankalimbana ndi kuwaphunzitsa kuwerenga milomo, osaphula kanthu. Koma pabwalo la masewera ndi m'basi, anawo anayamba kuphatikiza zizindikiro zawo, ndipo ang'onoang'ono obwera pambuyo anazikonza n'kuzikulitsa mpaka chinabadwa chinenero chatsopano, chimene chilipo mpaka lero. Phunziro lake ndi lakuti mwana wosamva asamakhale yekha. Mukumanitseni ndi anzake osamva, makamaka akuluakulu odziwa chinenerochi.

Miyambo yathu ina tiyionenso

Kwathu kuno mwana waulemu sayang'ana wamkulu m'maso, ndipo kuloza munthu ndi chala ndi mwano. Koma mwana wosamva akaweramitsa mutu ndiye kuti mwamutseka makutu kachiwiri. Iye ayenera kuyang'ana nkhope, ndipo kuloza ndi gawo la chinenero chake. Agogo, amalume, musamukalipire.

Pomuitana, mukhudzeni paphewa, kapena gwedezani dzanja pomwe akuona. Osamugenda ndi mwala kapena chitsononkho ngati mbuzi. Ndaziona ndi maso anga zimenezi.

Kukada, ife timapitiriza kucheza mumdima, koma kwa iye macheza atha. Mukhazikeni pafupi ndi moto kapena nyali, pomwe aone nkhope ndi manja. Katochi ka sola kamodzi kamasintha madzulo a mwana wotere.

Ali ndi dzina. Tisamuitane kuti gonthi, ndipo tisamanene kuti ndi wosalankhula, pakuti ndi manja amalankhula. Ndipo abambo, ndikupempheni mwaulemu. Mwana akapezeka kuti samva, mlandu umagwera mayi, ena amati kwawo kuli ufiti, ena banja limatha. Kusamva kumadza ndi matenda, kapena mavuto a pobadwa, kapena magazi a mbali zonse ziwiri. Si tsoka la mayi. Phunzirani nanu zizindikiro. Mwana amene bambo wake amalankhula naye sakhala pamphambano kuganiza kuti anamuthawa.

Chinanso chowawa ndichinene. Mwana wopanda chinenero, makamaka wamkazi, anthu oipa amamupezerera, poti amadziwa kuti sakanena. Mwana amene ali ndi zizindikiro za “ayi”, “kupweteka”, “ndani”, ndi maina a anthu a pamudzi, atha kunena amene wamuchita choipa. Chinenero ndi chitetezo chake.

Ntchito ya kalabu yathu

Anzanga, ife ndife a kalabu ya omvera. Wailesi imatiuza za katemera, za kolera, za mtengo wa mbatata, za mvula yoopsa. Koma taganizani, m'midzi mwathu muli anthu amene wailesi imeneyi sanaimvepo ndi tsiku limodzi lomwe. Uthenga ukafika kwa iwo ndiye kuti wadzera mwa ife. Ndiye ndikupempha zinthu zisanu.

Choyamba, kalabu iliyonse, pamodzi ndi amfumu ndi alangizi a zaumoyo a m'mudzi, idziwe makomo amene ali ndi mwana wosamva kapena wochedwa kulankhula. Tipiteko mwaulemu, ngati abale, osati ngati ofufuza mlandu.

Chachiwiri, tipeze munthu wamkulu wosamva wodziwa Língua de Sinais de Moçambique kuti azitiphunzitsa. Tikafunse ku ofesi ya Acção Social ndi ya maphunziro ku Ulongwe. Akabwera timulipire kangachepe, kaya ndi chitini cha chimanga, pakuti ndi mphunzitsi ngati wina aliyense.

Chachitatu, pa msonkhano uliwonse, tikatha kumvera pulogalamu, tiphunzire zizindikiro zisanu. Tikamakumana kawiri pa mwezi, pakutha pa chaka tidzakhala ndi zizindikiro 120.

Chachinayi, ku escolinha ndi ku Sande sukulu ana onse aphunzire, akumva ndi osamva pamodzi. Mwana wosamva safuna mayi ake okha, amafunanso anzake osewera nawo. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Chachisanu, 23 Setembala ndi tsiku la zinenero zamanja padziko lonse, limene United Nations inakhazikitsa mu 2017. Tipemphe wailesi yathu kuti sabata imeneyo ikambe nkhaniyi, ndipo makolo a ana osamva akalankhule okha.

Mlongo wanga ali kunyumba, akukonza njinga. Mdzukulu wanga uja tsopano ali ndi zaka zitatu, pakamwa sipatsekeka, koma akafika pakhonde la agogo ake aamuna amasiya mau n'kuyamba manja, ndipo awiriwo amaseka zinthu zimene ena pakhomo sazimva. Mlongo wanga wavomera kuti kalabu imene ifune, adzabwera kudzaphunzitsa zizindikiro zoyamba. Mukalembetse kwa alembi tisanabalalike.



Mafunso okambirana m'kalabu

1. Kodi m'mudzi mwathu muli ana angati osamva kapena ochedwa kulankhula, ndipo makolo awo amalankhula nawo bwanji?

2. Ndi zizindikiro ziti zimene timachita kale ndi makanda athu, zimene tingayambire?

3. Kodi abambo ndi agogo angatengepo mbali yanji?

4. Uthenga wofunika wa pa wailesi, monga wa katemera kapena wa kolera, timaufikitsa bwanji kwa anzathu osamva?

Mayankho anu atumizeni kwa alembi a kalabu kuti akawerengedwe pa pulogalamu ya omvera.